Wam'ndende nayenso ali ndi Mulungu wake

Awa ndi mawu amene analankhula mmodzi wa mamembala athu, mlimi wa m'boma la Maravia, pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi. Tawalemba monga momwe anawalankhulira.

 Ndikupempha kuti mundibwereke makutu anu pang'ono. Ine mukundidziwa, ndine munthu wa khasu, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndiye mukamva ndikutchula makhoti ndi zaka, musadabwe kuti mnyamatayu wasanduka loya liti. Ayi, ndi mavuto andiphunzitsa. Paja akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Nkhani yanga ikuyambira pa mphwanga, wobadwa pambuyo panga. Ambiri a inu mukudziwa zimene zinachitika kudimba chaka chija. Ng'ombe za mnansi wathu zinalowa m'dimba mwake usiku n'kudya chimanga chimene chinali chitayamba kale kubereka. M'mawa anakangana, mawu anakula, mphwanga anatola mpini n'kumumenya mnzakeyo mpaka kumuthyola mkono. Sindinabwere pano kudzamuyeretsa ayi. Analakwa. Abale a munthu amene anavulazidwayo ena muli pompano, ndipo ndikukupepesaninso pamaso pa anthu onsewa. Khoti linamupeza wolakwa, linamupatsa zaka ziwiri, ndipo anamutengera ku kadeya ina kutali ndi kuno. Dzina la ndendeyo sinditchula, chifukwa sindinabwere kudzaneneza munthu.

Kwathu ndife a Katolika, koma mphwangayo atakwatira analowa mpingo wa akazi ake, wa Sabata. Ndiulule pano kuti ine ndinali woyamba kumuseka. Loweruka ife tili kalikiliki kupalira, iye wavala jekete, Baibulo m'khwapa. Tikapha nkhumba pamaliro kapena paukwati iye amadya nsima ndi masamba okha. Mlamba wa ku Cahora Bassa, wonona uja, iye osaukhudza. Ndinkamuuza kuti, "Iwe, chipembedzo chako ndi cha anthu okhuta, njala ikadzakugwira udzachisiya." Atamenya munthu uja ndinawonjezanso kuti, "Sabata lako lija linali kuti pamene umatola mpini?"

Atatha miyezi itatu m'ndende, amayi anandituma kuti ndikamuone. Ndinagulitsa mbuzi kuti ndipeze ndalama ya shapa. Inu mukudziwa msewu wathu mmene umakhalira nthawi ya dzinja, ndinagona panjira. Ndinanyamula ufa, nsinjiro, sopo ndi kalata ya mlamu wanga. Ndinafika Lamulungu, tsiku loona akaidi, ndinaima pamzere kuyambira m'mawa. Nthawi yanga itakwana, mlonda wa pachipata anayang'ana m'buku nati, "Ameneyu lero saonedwa, ali pachilango." Ndinafunsa kuti wachitanso chiyani, mtima uli phaa, kuganiza kuti kapena wamenyanso munthu. Anati dzulo lake, Loweruka, anakana kupita kukalima kumunda wa ndende, ndipo aka sikanali koyamba. Anamutsekera payekha, Baibulo lake anamulanda. Katundu ndinasiya pachipata, ine n'kubwerera osaona nkhope ya mbale wanga. Mbuzi inapita chabe.

Panjira pobwera sindinakwiyire a ndende ayi, ndinakwiyira mphwanga. Ndinati munthu uyu ngwouma mutu. Uli m'manja mwa eni ake, bwanji osangogwira khasu, Mulungu saona kodi kuti wakakamizidwa? Titakolola ndinapitanso, ulendo uno ndinamuona. Anali atatha thupi. Ndinamukalipira ndithu. Iye anangondimvetsera, kenaka anati: "Achimwene, khoti linandilanda zaka ziwiri, ndipo ndavomera chifukwa ndinalakwa. Koma papepala lachigamulo lija sanalembepo kuti andilandenso Sabata. Ntchito sindikukana. Ndinawapempha kuti ndizilima Lamulungu pamene anzanga akupuma, ngakhale atandipatsa ndime ziwiri, koma anakana. Mpini uja ndinautola chifukwa ndinaiwala Mulungu kwa mphindi imodzi. Mukufuna ndimuiwalenso zaka ziwiri?"

Ndinasowa choyankha. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi. Iwo ndi a Katolika enieni, kolona sachoka m'manja, koma anandifunsa funso limodzi: "Akanakhala iwe, n'kukulanda kolona, n'kukuletsa kuona ansembe, ukanati ndi zazing'ono?" Mawu amenewo ndi amene anandiyendetsa. Patapita masabata angapo, pakalabu pathu pano tinamvera pulogalamu ya za ufulu wa anthu omangidwa. Itatha ndinawatsatira aphunzitsi athu aja amene amatithandiza kulemba malipoti, ndinawapempha kuti andiwerengere malamulo ndi kundimasulira m'chinenero chathu. Tinakhala madzulo ambiri pakhonde pawo. Zimene ndinaphunzira ndi zimene ndabwera kudzagawana nanu lero.

Ndiyambe ndi malamulo athu a kuno ku Mozambique. Buku la malamulo aakulu a dziko, limene pa Chipwitikizi amati Constituição, limene tikugwiritsa ntchito panoli linavomerezedwa m'chaka cha 2004. Ndime 12 ikuti boma lilibe mpingo wakewake. Ndime 54 ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopembedza kapena wosapembedza, ndipo asazunzidwe kapena kulandidwa ufulu wake chifukwa cha chikhulupiriro. Koma imene inandidzutsa pampando ndi ndime 61. Imeneyo ikuti chilango sichimulanda wolakwa maufulu ake akuluakulu, kupatula okhawo amene sangatheke chifukwa cha chilangocho ndi kayendetsedwe kake. Mwamva? Ndi mawu omwe aja ananena mphwanga, amene sanaonepo bukulo n'kamodzi komwe. Wam'ndende alandidwa ufulu woyenda, sangapite kumsika, sangagone kunyumba kwake. Koma sanalandidwe umunthu, ndipo sanalandidwe Mulungu wake.

Aphunzitsi anandichenjezanso kuti ndisamangotola zondikomera. Ndime 54 yomweyo ikutinso chikhulupiriro sichimuchotsera munthu udindo umene anzake ali nawo. Choncho mphwanga akananena kuti ine wa Sabata sindigwira khasu m'ndende muno mpaka ndidzatuluke, lamulo silikanamuikira kumbuyo. Koma iye sankathawa ntchito, ankapempha kusintha tsiku. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Palinso malamulo a bungwe la mayiko onse la United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene anawakonzanso m'chaka cha 2015 n'kuwatcha dzina la Nelson Mandela, mkulu uja anakhala m'ndende zaka 27. Lamulo 65 likuti mkaidi asaletsedwe kuonana ndi mtsogoleri wa chipembedzo chake, komanso ngati iye safuna kuyenderedwa ndi abusa kapena ashehe, asakakamizidwe. Lamulo 66 likuti, monga momwe kungathekere, aloledwe kupita kumapemphero a m'ndendemo ndi kusunga mabuku a chipembedzo chake. Awa si malamulo oti woweruza wa kuno angamange nawo munthu, koma ndi muyeso umene mayiko anagwirizana, ngati sikelo ya pamsika wa fodya.

Tsopano ndikuuzeni za milandu imene inafika kukhoti. Woyamba ndi wa kutali, ku America. Mkaidi wina wachisilamu, dzina lake Gregory Holt, anali m'ndende m'chigawo cha Arkansas pa mlandu waukulu ndithu, osati wakuba nkhuku. Chipembedzo chake chinkafuna kuti asunge ndevu, koma ndende inkalamula kumeta. Iye anati chabwino, tikumane pakati, ndiloleni ndevu za theka la inchi basi, zazifupi ngati chikhadabo cha chala. A ndende anakana, ati angabisemo lumo kapena mankhwala ozunguza bongo, ndiponso atathawa n'kumeta sangazindikirike. Makhoti aang'ono anagwirizana ndi a ndende. Munthu uja analemba dandaulo lake ndi dzanja, pa pepala wamba, kupita kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo. M'chaka cha 2015 oweruza onse 9 anagamula momukomera. Anati munthu wofuna kubisa kanthu angabise m'tsitsi la kumutu kapena m'zovala, koma a ndende sameta anthu mpala ndipo sawayendetsa maliseche, amangowasecha. Bwanji osasechanso ndevuzo? Anaonanso kuti ndende yomweyo inkalola ndevu zazifupi kwa odwala khungu, ndipo ndende zambiri za m'dzikolo zinkalola ndevu popanda vuto.

Mlandu umenewu unandiphunzitsa mafunso awiri amene lamulo la kumeneko limafunsa. Loyamba: kodi chifukwa chimene a ndende akuletsera chinthucho ndi chachikuludi? Lachiwiri: kodi palibe njira ina yopepuka yotetezera ndende popanda kuponda chikhulupiriro cha munthu? Ife alimi tikuzidziwa zimenezi. Mbuzi ikamalowa m'munda suithyola miyendo, umamanga mpanda kapena kuimangirira pachingwe.

Wachiwiri ndi wa anansi athu a ku Malawi. Mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse a m'dzikolo. Anadandaula kuti amadya kamodzi patsiku, nsima ndi nyemba kapena nandolo, kuti amagona mothithikana ngati matumba, m'zipinda zopanda mpweya wokwanira. Boma linayankha kuti dziko ndi losauka, ndalama palibe. M'chaka cha 2009 khoti la ku Lilongwe linakana yankho limenelo. Linati kusowa kwa ndalama si chifukwa chophwanyira muyeso umene malamulo anaika kale, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Ku Zambia nakonso, m'chaka cha 2019, khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera akaidi awiri a ku ndende ya Lusaka Central amene ankamwa ma ARV koma osapatsidwa chakudya choyenera. Milandu iwiriyi si ya chipembedzo, koma muzu wake ndi umodzi: chitseko cha ndende chikatsekedwa, lamulo silitsala kunja, limalowa nawo.

Koma ndisakunamizeni kuti chigamulo ndi mvula yoti ikagwa lero mawa msipu waphuka. Ku Malawi zaka zinadutsa chigamulo chija chitaperekedwa, ndende zili zodzazabe. Chigamulo chili ngati mbewu. Chikangokhala m'nkhokwe ya khoti osadzalidwa, osapaliridwa, palibe chimene ukolole.

Wachitatu ndi wa tsitsi. Ku South Africa, pa ndende ya Pollsmoor ku Cape Town, alonda aamuna asanu anachotsedwa ntchito m'chaka cha 2007 chifukwa chokana kumeta tsitsi lawo lopotana lija. Ena anali a Chirasta, ena ankalisunga chifukwa cha mwambo wa makolo awo. M'chaka cha 2013 khoti la apilo linati kuwachotsako kunali kosalungama, poti alonda aakazi ankaloledwa tsitsi lomwelo, ndipo palibe anaonetsa kuti tsitsilo linkawalepheretsa ntchito. Ku Malawi, ana a Chirasta ankabwezedwa pasukulu za boma chifukwa cha tsitsi lomweli. M'mwezi wa May 2023, Justice Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anagamula kuti kuwabweza ndi kuphwanya malamulo a dziko, ndipo analamula kuti azilandiridwa.

Pali mlandu winanso umene wodandaula anagonja, ndipo uyenera kunenedwa kuti tisamaganize kuti khoti limangovomera aliyense wotchula Mulungu. Umatchedwa mlandu wa Kachasu. Musaseke kumbuyoko, si kachasu wathu wa m'botolo, ndi dzina la munthu. Unachitika ku Zambia m'chaka cha 1967. Mtsikana wa Mboni za Yehova ku Mufulira anaimitsidwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sawatcha mbendera. Khoti linavomereza kuti chikhulupiriro chake chapanikizidwadi, komabe linagamula mokomera boma, poona kuti lamulolo linali lololedwa pofuna kusunga chitetezo ndi bata m'dziko limene linali litangolandira kumene ufulu. Choncho makhoti amayeza mbali zonse, ndipo nthawi zina amasiyana maganizo malinga ndi dziko ndi nyengo.

Ndatchula Mboni za Yehova, ndiye ndikumbutse akuluakulu muli pano zimene munaona ndi maso. Mpingo umenewu unaletsedwa ku Malawi m'chaka cha 1967, m'nthawi ya Kamuzu Banda, makamaka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. M'chaka cha 1972 anthu zikwizikwi anathawa, nyumba zawo zitatenthedwa. Ena anakafika ku Sinda Misale kum'mawa kwa Zambia, ena ku Mlangeni m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. M'chaka cha 1975 a ku Mlangeni aja anabwezedwa ku Malawi, ndipo ambiri anakatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa. A Mboni a kuno kwathu nawo anatengedwa chaka chomwecho kupita kumisasa ya ku Carico, m'boma la Milange ku Zambézia. Anthu amenewa sanabe, sanaphe. Anamangidwa chifukwa cha chikhulupiriro chokha, ndipo nthawi imeneyo panalibe khoti lowalanditsa. Boma lathu linadzawavomereza m'chaka cha 1991, la Malawi linachotsa chiletso m'chaka cha 1993. Ndikunena izi kuti tidziwe kuti ndime 54 ija sinagwe kumwamba. Inabwera anthu atalira. Lero tikaiona ikupondedwa n'kungokhala chete chifukwa wopondedwayo si wa mpingo wathu, ndiye kuti taiwala msanga.

Chenjezo lina limene aphunzitsi anandipatsa ndi ili: chigamulo cha ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku America sichimanga woweruza wa ku Tete. Dziko lililonse lili ndi makhoti ake. Ukapita kwa mkulu wa ndende ya kuno n'kumati ku Arkansas anagamula chakuti, adzangokuyang'ana. Milandu ya kunjayo imatitsegula maso ndi kutiphunzitsa kaganizidwe, koma chogwira m'manja ndi malamulo athu. Ndipo m'malamulo athumo muli ndime 79, yopatsa nzika ufulu wopereka dandaulo kwa akuluakulu oyenera, ndi ndime 62, yoti wosauka nayenso athandizidwe pa milandu. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa bungwe la IPAJ, lothandiza ulere anthu amene sangathe kulipira loya.

Nanga ife tinachita chiyani? Kukhoti sitinafike. Tinalemba kalata kwa mkulu wa ndende, ine ndikunena, aphunzitsi akulemba pa Chipwitikizi. Sitinatukwane munthu, sitinaopseze. Tinavomereza kuti mbale wathu ndi wolakwa ndipo ayenera kugwira ntchito ngati mkaidi aliyense. Tinatchula ndime 54 ndi 61. Tinapempha zinthu zitatu: kuti ntchito yake ya Loweruka aziigwira Lamulungu, kuti amubwezere Baibulo atalisecha, ndi kuti mkulu wa mpingo wake aziloledwa kumuyendera. Tinalemba makalata awiri ofanana, imodzi tinapereka, inayo anatidindira chidindo n'kutibwezera. Chimenechi musaiwale abale, kalata yopanda chidindo imasochera. Tinapita atatu: ine wa Katolika, mkulu wa mpingo wa Sabata wa m'tauni imeneyo, ndi malume athu amene sapita kutchalitchi kulikonse, iwo ndi a kudambwe. Mutu umodzi susenza denga.

Yankho linatenga mwezi ndi theka. Ndipo ndinaphunzirapo kanthu kamene sindinkayembekeza. Mkulu wa ndende uja sanali chilombo monga ndinkaganizira. Anatifotokozera kuti vuto lake linali la alonda: Lamulungu amakhala ochepa, ndipo sangatulutse mkaidi mmodzi kupita kumunda ndi mlonda wakewake. Chifukwa chimenecho chinali choona, sichinali chonamizira. Koma titakambirana, njira ina inapezeka. Anamusamutsira kukhitchini ndi kosesa m'kati mwa mpanda, ntchito imene imagwiridwa tsiku lililonse ndipo safuna kutuluka nayo kunja. Loweruka ankapuma, Lamulungu ankagwira tsiku lonse, zimene zinapatsanso mpata akaidi ena awiri kuti azipita kumapemphero awo. Baibulo anamubwezera. Za chakudya sitinaphule kanthu. Anati mphika ndi umodzi, sangaphikire aliyense zake. Tsiku la ndiwo zimene mpingo wake umaletsa, mphwanga ankasinthana ndi anzake kapena kudya nsima ndi mchere. Tinavomera, chifukwa si zonse zimene munthu amapempha zimene zingatheke.

Mwina wina akufunsa mumtima kuti, nanga aliyense akayamba kunena kuti chipembedzo changa chikuti chakuti, ndende idzayenda bwanji? Funso limenelo ndi labwino, malume anafunsanso lomwelo. Anati, "Ine atandimanga, adzandilola kutulutsa gule m'ndendemo?" Tinaseka, koma yankho lilipo. Mafunso awiri aja ndi amene amasefa. Wofuna kusunga mpeni, kusuta chamba kapena kuimba ng'oma usiku wonse anzake akugona, a ndende ali ndi chifukwa chachikulu chomukanira. Koma Msilamu wopempha kuti m'mwezi wa Ramadan chakudya chake amusungire mpaka dzuwa litalowa, wa Katolika wopempha kolona ndi kuona ansembe, wa Zioni wopempha kupemphera ndi anzake masana, amenewa akuopseza ndani? Ndipo wosapemphera naye asakokeredwe kumapemphero mokakamiza kuti apeze sopo. Ufulu umenewu ndi wa onse, kapena si wa aliyense.

Ena angati, munthu wothyola mnzake mkono mukumudandaulira za Sabata, nanga wothyoledwayo ndani akumudandaulira? Abale, ululu wa munthu uja sindikuuchepetsa. Mpaka lero mkono wake sugwira khasu bwinobwino, ndipo banja lathu limamulimira ndime chaka chilichonse, monga anagamulira a mfumu. Koma taganizani: mkaidi aliyense wa zaka ziwiri kapena zisanu adzatuluka, ndipo adzabwerera m'mudzi mwathu momwe muno, kudzatunga madzi pachitsime chimodzi ndi ife. Mukufuna abwere wotani? Woti anamulanda chilichonse mpaka chimene chinkamugwira mtima, kapena woti anakhala ndi nthawi yolingalira kulakwa kwake pamaso pa Mulungu wake? Mphwanga anatuluka. Asanalowe n'komwe m'nyumba mwake anapempha malume kuti amuperekeze kwa munthu anamuvulaza uja, anakagwada pabwalo. Ine sindinamutume. Ndikhulupirira kuti anazitenga m'masabata aja amene ndinkati ndi kuuma mutu.

Pomaliza ndili ndi mapempho anayi kwa kalabu yathu. Loyamba, a komiti alembere a wailesi kuti aitane munthu wa ku IPAJ adzalankhule m'Chinyanja za ufulu wa omangidwa, ndipo ife tipatsidwe mpata wotumiza mafunso. Lachiwiri, tikhale ndi kabuku kolembamo mabanja a m'midzi yathu amene ali ndi mbale m'ndende, kuti wina akamapita kumeneko azinyamulako makalata ndi kaufa ka anzake, poti shapa yakwera mtengo ndipo si aliyense ali ndi mbuzi yogulitsa. Lachitatu, azibusa, ashehe ndi akulu a mipingo, musamadikire kuti nkhosa yanu ituluke kaye kuti mudzaiweruze. Ipiteni komweko. Yosefe anakhalapo m'ndende, Paulo anakhalapo m'ndende, timawerenga nkhani zawo Lamulungu lililonse. Lachinayi ndi la tonsefe: mbale wako akakuuza kuti akuponderezedwa m'ndende, usachite zimene ndinachita ine, kumukalipira kuti angogonja. Funsa kaye, peza wodziwa kuwerenga malamulo, lemba kalata mwaulemu, sunga inzake yachidindo. Akakana popanda chifukwa chomveka, makhoti alipo. Safunsa anadya phula.

Ine ndikadali wa Katolika, mphwanga akadali wa Sabata, malume akadali a kudambwe. Pamaliro nkhumba ndimadyabe, iye amadyabe masamba ake. Chasintha n'chakuti ndinasiya kumuseka. Loweruka lapitali ng'ombe zake zinafunika kupita kudibi, ndinazipititsa ndine, iye ali kutchalitchi. Lero Lamulungu ndili pano ndi inu, iye ali m'munda mwanga akupalira mtedza.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe mwa ife amene anapangana ndi ndende kuti sadzalowamo.